Ng'oma za ku Yungas: mmene akuda a m'mapiri a Andes anadziloŵetsera m'malamulo

Pa 14 Juni 2011 boma la Bolivia, dziko la ku South America, linatulutsa malamulo angapo tsiku limodzi, lililonse lonena kuti gule wakutiwakuti ndi chuma cha dziko lonse. Lamulo nambala 137 linali la gule wotchedwa caporales. Lotsatira lake, nambala 138, linali la saya. Wongowerenga mitu yake angaganize kuti ndi magule awiri apachibale omwe analandira ulemu limodzi. Koma pakati pa manambala awiriwo pagona mkangano wa zaka zoposa 40, ndipo mkanganowo ndi umene ukutithandiza kumvetsa chifukwa chake anthu a kumudzi amalimbikira kuti azikhala nawo pamene boma likulemba gule wawo m'kaundula.

Tiyambe ndi anthuwo, poti ambiri kuno sadziwa n'komwe kuti m'mapiri a Andes muli anthu akuda. Asipanya atapeza siliva m'phiri la Potosí mu 1545, pamalopo panamera mzinda waukulu, pamtunda wa mamita pafupifupi 4,000, kozizira koopsa ndiponso kovuta kupuma. Anabweretsako akapolo ochokera ku Africa, ambiri a ku Congo ndi Angola, oti azigwira ntchito m'nyumba za mabwana ndi m'nyumba yosulira ndalama. M'kupita kwa nthawi ambiri anatsitsidwira ku Yungas, zigwa zofunda za kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa La Paz, kuti azikalima koka, chomera chomwe masamba ake anthu amatafuna, m'maesiteti. Bolivia inalandira ufulu mu 1825 ndipo ukapolo unathetsedwa papepala patangopita zaka zochepa, koma m'munda sizinasinthe kwenikweni. Banja lililonse linkagwirira mwini esiteti masiku angapo pa sabata popanda malipiro kuti lingololedwa kukhala pamalowo, monga mmene thangata ankakhalira ku Thyolo ndi Mulanje. Zimenezi zinatha ndi lamulo logawa malo la 1953, lomwe linabwera chipwirikiti cha 1952 chitasintha boma.

Zaka mazana onsewa akudawa ankakhala khomo ndi khomo ndi a mtundu wa Aymara, eni nthaka a m'mapirimo. Anatengerana zambiri. Mayi wakuda wa m'midzi ya ku Yungas ngati Tocaña, Mururata kapena Chicaloma amavala siketi yotambalala ya mipukutu yambiri, shawelo paphewa ndi kachipewa kozungulira pamutu, ndendende ngati mnzake wa Chiaymara, ndipo tsitsi lake amaliluka timichira tiwiri. Okalamba ambiri amalankhula Chiaymara bwinobwino. N'chifukwa chake chikhalidwe chawo chimatchedwa cha Africa ndi Andes pamodzi. Simungachotsemo mbali imodzi n'kutsala ndi kanthu.

Saya ndi ng'oma, nyimbo ndi gule nthawi imodzi. Ng'oma zake zimasiyana kukula, kuyambira yaikulu ya mawu okhuthala mpaka kakang'ono kolira mopyapyala, ndipo iliyonse ili ndi kaombedwe kake kolukana ndi zinzake. Pamwamba pa ng'omazo pamamveka cuancha, nsungwi yaitali yosemedwa mano yomwe woimba amaitsamiritsa paphewa n'kumaikwecha ndi kamtengo. Mulibe gitala, mulibe chitoliro. Mmodzi amatsogolera nyimbo, gulu lonse n'kuvomera, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, onse atavala zoyera zokongoletsedwa ndi mizere yofiira. Akazi amayenda kutsogolo m'mizere akugwedeza chiuno pang'onopang'ono, oimba ng'oma akubwera pambuyo. Wosunga dongosolo ndi caporal, kapitawo, amene amamanga mangenjeza m'miyendo n'kunyamula chikoti. Mawu a nyimbo amapekedwa malinga ndi nkhani ya tsikulo. Kale ankaimba popempha chilolezo kwa mwini esiteti kapena podandaula mophiphiritsa, ndipo chizolowezi choimbira akuluakulu pamaso chimenechi chinadzagwira ntchito yaikulu pambuyo pake.

Chodabwitsa n'chakuti saya inayamba kuzilala ufulu utabwera. Maesiteti atatha, zikondwerero zomwe ankavinirako zinasintha. Achinyamata anayamba kupita ku La Paz, Cochabamba ndi Santa Cruz kukafuna sukulu ndi ntchito, ndipo kumeneko munthu wakuda ankasekedwa mumsewu. Panali ngakhale mwambo wonyoza woti anthu akaona wakuda amatsinana, amati ndi mwayi. Mwana wokula akuchitidwa zotere safuna chilichonse chomuonetsa kuti ndi wosiyana. Pofika zaka za m'ma 1970 ng'oma zambiri zinali zitapachikidwa, ndipo nyimbo zinatsala m'mitu ya nkhalamba.

Pa nthawi yomweyo ku La Paz kunkabadwa china. Mu 1969 anyamata a banja la Estrada Pacheco anatenga kapitawo wa mu saya n'kumupangira gule wakewake. Caporales ndi gule wamphamvu, wodumphadumpha, wa nsapato zazitali zodzaza mangenjeza ndi zovala zonyezimira, woimbidwa ndi bandi ya malipenga. Anakondedwa msanga, makamaka ndi ophunzira a m'mayunivesite ndi ana a mabanja opeza bwino, n'kufalikira ku zikondwerero za Gran Poder ku La Paz ndi Oruro, kenako ku Peru, Chile, Argentina ndi kulikonse kumene anthu a ku Bolivia anasamukira. Magulu oimba anayamba kujambula nyimbo za kamvekedwe ka caporales n'kumalemba pachikuto kuti saya. Mapeto ake, munthu wamba wa ku Bolivia ukamufunsa za saya ankakuimbira nyimbo ya gitala ndi zitoliro yomwe mdzukulu wa kapolo wa ku Tocaña sakanaizindikira.

Panalinso gule wina wakale wotchedwa tundiqui kapena negritos, momwe anthu osakhala akuda amadzola zakuda kumaso, kupaka milomo yofiira, kuvala mawigi ndipo nthawi zina kudzimanga maunyolo, n'kumavina mokokomeza. Magule oterewa alipo ambiri m'mapiri a Andes, ku Bolivia ndi ku Peru komwe. Ndiye vuto la akuda a kumeneko silinali loti dziko silikudziwa za munthu wakuda. Wakuda anali paliponse pachikondwerero, koma ngati chigoba chovala wina. Mwini nkhope ndiye sankaoneka.

Kusintha kunayambira pasukulu ya sekondale ya Guerrilleros Lanza m'tauni ya Coroico. Mu 1982 ophunzira akuda a pasukulupo anaganiza zovina saya pachikondwerero cha tauniyo. Iwo eni sankaidziwa bwino. Anapita kwa agogo awo ku Tocaña kukafunsa mmene nyimbo zinkayendera, zovala zinkasokedwa bwanji, ng'oma iti imayamba ndipo iti imayankha. Nkhalamba zina poyamba zinkazengereza, poti kwa izo saya inkakumbutsa masiku a chikoti. Komabe zinawaphunzitsa, anawo anavina, ndipo anthu anachita chidwi. Ena mwa ophunzirawo atasamukira ku La Paz anapitiriza kukumana, ndipo mu 1988 anakhazikitsa bungwe la Movimiento Cultural Saya Afroboliviano, lodziwika kuti MOCUSABOL.

Bungweli ndi lofunika kuliyang'anitsitsa, chifukwa dzina lake ndi la gule koma ntchito yake inakula kuposa gule. Mnyamata wakuda wongofika kumene mumzinda ankapeza anzake pokonzekera kuvina. Pamenepo ankauzana za nyumba ya lendi, za ntchito, za mmene angayankhire akanyozedwa. Akaitanidwa kukavina, asanaombe ng'oma mmodzi ankaimirira n'kufotokoza kuti iwo ndani, akuchokera kuti, ndiponso kuti zimene anthu akhala akuzitcha saya si saya. Ankapeka nyimbo zotchula mbiri yawo ndi madandaulo awo. Anthu owerengeka chonchi sakanatha kutseka misewu ngati mmene amachitira a m'migodi kapena alimi a Chiaymara, omwe ndi ambirimbiri. Chida chawo chinali ng'oma, chifukwa ng'oma ikalira pakhomo la ofesi mkulu amatuluka yekha kudzaona.

Zinaonekera poyera pamene dziko linkalemba malamulo ake aakulu atsopano. Kalembera wa 2001 analibe malo oti munthu alembe kuti ndi wakuda wa ku Bolivia. Msonkhano wolemba malamulowo utayamba ku Sucre mu 2006, munalibe nthumwi yosankhidwa ya mtundu wawo. Anapita okha ku Sucre ndi zikalata za zofuna zawo komanso ng'oma zawo, n'kumaimbira nthumwizo. Malamulo aakulu omwe anavomerezedwa mu 2009 amatchula Aafrobolivia, kutanthauza akuda a ku Bolivia, ndi dzina, ndipo gawo 32 limawapatsa ufulu wofanana ndi wa mitundu ya eni nthaka pa zachuma, zandale ndi zachikhalidwe. Chaka chomwecho Jorge Medina, yemwe anakulira m'gulu la saya, anasankhidwa kukhala phungu woyamba wakuda m'nyumba ya malamulo. Mu 2010 kunabwera lamulo loletsa tsankho. Mu Disembala 2011 lamulo nambala 200 linaika 23 Sepitembala kukhala tsiku la mtundu wawo ndi chikhalidwe chawo, ndipo kalembera wa 2012 anawerenga anthu 23,330 odzitcha Aafrobolivia.

Mndandanda umenewu ukusonyeza chimene chinatsogola ndi chimene chinatsatira. Gule anadzutsidwa ndi ana asukulu ndi agogo awo, bungwe linamangidwa ndi ovina, ndipo boma linafika patatha zaka pafupifupi 30. Nkhani ya mfumu yawo inayendanso chimodzimodzi. Julio Pinedo, mlimi wa ku Mururata, anavekedwa chisoti ndi anthu ake mu 1992, koma akuluakulu a chigawo cha La Paz anamuvomereza mu 2007.

Tsono tibwerere ku lamulo 138. Mawu ake oyamba amanena kuti saya ndi cholowa cha dziko, koma amaonjezera kuti ndi ya mtundu wa Aafrobolivia. Kachidutswa kameneko ndi kamene anthu ankamenyera. Tisaiwale kuti boma linali ndi zolinga zakezake potulutsa malamulo a magule onsewo. Bolivia ndi Peru akhala akukanganirana magule a m'mapiri kwa nthawi yaitali, moti mu 2009 panabuka phokoso lalikulu mtsikana woimira Peru pampikisano wa chiphadzuwa cha dziko lonse lapansi atavala zovala za gule wa diablada. Boma linkafuna kuuza anansi kuti magulewa ndi a Bolivia. Anthu a ku Yungas ankafuna kuuza Bolivia yemweyo kuti saya ili ndi eni ake. Zofuna ziwirizi zinakumana m'lamulo limodzi, koma si chinthu chimodzi, ndipo eniake akanakhala chete, chachiwiricho sichikanalembedwa.

Pa dziko lonse lapansi nkhani zoterezi zimayendera pangano la 2003 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, loteteza chikhalidwe chosagwirika ndi manja, monga nyimbo, magule, miyambo ndi luso. Ndi pangano lomwe linaika Gule Wamkulu ndi Vimbuza pa mndandanda wake mu 2008, Tchopa mu 2014 ndi Mwinoghe mu 2018. Gawo 15 la panganoli limauza maboma kuti ayesetse kuti eni chikhalidwe atenge mbali mokwanira. Pofuna kulembetsa gule, boma liyenera kusonyeza kuti eniake anafunsidwa nkhani isanapite patali, anauzidwa zonse, ndipo anavomera mosakakamizidwa. Liyeneranso kusonyeza kuti guleyo ali kale m'kaundula wa dzikolo ndiponso kuti pali ndondomeko yomutetezera. Koma wopereka pempho ku likulu la UNESCO ku Paris ndi boma, osati mudzi. Mudzi ungafune bwanji, ngati unduna sunanyamule chikalatacho, sichifika. Ndiye mawu oti kutenga mbali amatha kutanthauza zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri: anthu kukhala pansi zaka zingapo akulemba okha mbiri ya gule wawo, kapena mkulu wa ku likulu kubwera tsiku limodzi ndi pepala loti atsogoleri asainire.

Ku Peru kuli chitsanzo cha gule yemwe anayenda ulendo wonsewo mpaka kufika ku UNESCO. Ukapolo kumeneko unathetsedwa mu 1854 mu ulamuliro wa Ramón Castilla, ndipo akuda ambiri anatsala m'zigwa za m'mphepete mwa nyanja momwe munali maesiteti a nzimbe, mphesa ndi thonje. Boma la El Carmen m'dera la Chincha, chigawo cha Ica, ndilo lodziwika kwambiri. Malowa si a m'mapiri, koma anthu a m'mapiri akhala akutsikirako kudzagwira ntchito m'minda kwa mibadwo yambiri, ndipo nyimbo zawo zinasakanikirana ndi za akuda.

Gule wa kumeneko ndi wa Khirisimasi. Hatajo de negritos amavinidwa makamaka ndi amuna ndi anyamata, atandanda m'mizere iwiri, aliyense belu laling'ono m'dzanja limodzi ndi kachikoti kokongoletsedwa m'dzanja linalo. Choimbira ndi vayolini imodzi basi, yolira kamvekedwe ka m'mapiri. Ng'oma palibe. Ntchito ya ng'oma imagwiridwa ndi mapazi, chifukwa ovina amaponda pansi ndi chidendene ndi zala mwaliwiro, nthawi zina n'kumenya manja pa ntchafu ndi pa nsapato, ndipo pamakhala nthawi yoti awiriawiri apikisane. Akazi ali ndi gule wawo, las pallitas, woimbidwa ndi gitala, atanyamula ndodo zokongoletsedwa ndi mapepala a mitundumitundu. Magulu amayamba kukonzekera miyezi ingapo Khirisimasi isanafike. Kuyambira pa 24 Disembala amayenda nyumba ndi nyumba kukavinira Mwana Yesu pa kakhola kamene banja lakonza pabalaza, eni nyumba n'kuwapatsa chakudya ndi chakumwa. Nyimbo zina ndi zotamanda, zina zimakamba za ntchito ya m'munda ndi kapitawo wa chikoti. Pa 6 Januwale, tsiku la Anzeru a Kum'mawa, amatsiriza ndi kuotcha zokongoletsa zomwe anavina nazo.

Amene anachititsa kuti gule ameneyu adziwike kunja kwa Chincha ndi Amador Ballumbrosio, mmisiri womanga nyumba wa ku El Carmen, yemwe anabadwa mu 1933 n'kumwalira mu 2009. Ankaimba vayolini, kuvina ndi kutsogolera gulu lake kwa zaka zambiri, ndipo anaphunzitsa ana ake ndi ana a anansi. Nyumba yake inasanduka malo ofikira oimba, ofufuza ndi alendo. Koma iye anali mmodzi mwa atsogoleri ambiri, poti magulu otere alipo m'midzi yambiri ya Chincha ndi madera oyandikana nawo, ena a akuda, ena a anthu ochokera kumapiri, ena osakanikirana. Ambiri amavina pokwaniritsa lonjezo limene iwo kapena makolo awo anapanga kwa Mwana Yesu kapena kwa Maria wa ku Karimeli. Lonjezo limenelo ndi limene lasunga guleyu, kuphatikizapo chivomezi chachikulu cha mu Ogasiti 2007 chitagwetsa nyumba zambiri m'deralo.

Unduna wa zachikhalidwe wa Peru, womwe unakhazikitsidwa mu 2010, unalengeza magule awiriwa kukhala cholowa cha dziko mu 2012. Mu Disembala 2019, pamsonkhano wa ku Bogotá ku Colombia, UNESCO inawaika pa mndandanda wake. Pamsonkhano womwewo chikondwerero cha Gran Poder cha ku La Paz, kumene caporales anakulira, chinalembedwanso, ndipo chikondwerero cha ku Aalst ku Belgium chinachotsedwa pamndandanda chifukwa cha zidole zonyoza Ayuda. Patatha zaka zitatu chikondwerero china cha ku Belgium, cha m'tauni ya Ath, chinachotsedwanso chifukwa cha munthu wodzola zakuda kumaso ndi kuvala maunyolo. Izi zikusonyeza kuti funso limene Aafrobolivia akhala akufunsa za tundiqui si la iwo okha.

Nanga chikalata chikabwera, chimasintha chiyani m'mudzi? Ndalama sizibwera nacho. UNESCO silipira ovina, ndipo lamulo lolengeza cholowa silimanga sukulu kapena kugula zingwe za vayolini. Chimene chimabwera ndi dzina, ndipo dzinalo limakoka alendo odzaona malo, atolankhani ndi andale. Apa ndi pamene pamabuka mikangano yatsopano, ya m'nyumba momwemo. Banja lodziwika limalandira maitano onse, pomwe gulu la m'mudzi wa kuseri silionekera. Gule wa lonjezo, woyenera kuvinidwa pa kakhola usiku wa Khirisimasi, amapemphedwa pa siteji mwezi wa Julayi kwa mphindi khumi. Ku Bolivia saya ya m'tauni, yozolowera siteji ndi kamera, ndi imene anthu ambiri amaiona, pomwe nkhalamba za ku Yungas zimasunganso magule ena osatchuka, monga zemba ndi mauchi, nyimbo ya pamaliro. Ndimaona kuti uku ndiko kufooka kwa kaundula aliyense: amalemba gule mmodzi, dzina limodzi, ndipo zotsala zimakhala ngati zosafunika.

Komabe sindingagwirizane ndi amene amati zikalatazi n'zachabe. Kwa mtundu umene kalembera sankauwerenga, chiganizo chimodzi cha lamulo chonena kuti ichi ndi chawo chimakhala poyambira pofunsa zina: maphunziro a mbiri yawo m'sukulu, malo, mpando m'khonsolo. Ku Peru boma linapepesa kwa anthu akuda mu 2009 chifukwa cha nkhanza ndi tsankho la zaka mazana, ndipo kalembera wa 2017 anafunsa anthu za mtundu wawo, n'kupeza kuti pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse amadzitcha Aafroperu. Oimba ndi ovina ndi amene anatsegula njira imeneyi, kuyambira pa mlakatuli Nicomedes Santa Cruz ndi mlongo wake Victoria, katswiri wa magule, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Tsiku la chikhalidwe cha Aafroperu, 4 Juni, ndi tsiku limene Nicomedes anabadwa.

Ku Ecuador nkhani ndi yofananako. M'chigwa cha Chota ndi Mira, pakati pa mapiri a zigawo za Imbabura ndi Carchi, muli zidzukulu za akapolo a m'maesiteti a nzimbe a ansembe a Chijezuwiti, omwe anathamangitsidwa m'maiko a Spain mu 1767. Gule wawo ndi bomba, momwe amayi amavina botolo lili pamutu osagwa, ndipo ali ndi bandi yotchedwa banda mocha yoimba ndi zikho ndi masamba a malalanje potsanzira malipenga. Chigwachi chimadziwika kwambiri ndi osewera mpira omwe chapereka ku timu ya dziko, koma nyimbo zake zasungidwa ndi mabanja ndi magulu a m'midzi momwemo.

Nkhani ya zigoba siinathe. Mu 2021 Peru inalengeza gule wa Negritos de Huánuco kukhala cholowa cha dziko. Ndi gule wokongola wa mumzinda wa m'mapiri, wa zovala zopetedwa ndi ulusi wonyezimira ndi zipewa za nthenga zazitali, ndipo ovina ake, omwe ambiri si akuda, amavala zigoba zakuda pokumbukira akapolo a m'maesiteti a kumeneko. Kwa anthu a ku Huánuco ndi pemphero ndi mbiri ya mzinda wawo, ndipo nawonso ndi eni gule amene anapempha ulemuwo kudzera m'magulu awo. Pangano la 2003 limati afunsidwe ovina. Za anthu amene nkhope yawo yasemedwa pa chigobacho limangonena mwachidule kuti pakhale kulemekezana pakati pa magulu a anthu, ndipo mabungwe a akuda ku Bolivia ndi ku Peru akupitiriza kukankha kuti nawonso azifunsidwa.